Mbuzi ziwiri, zaka zingati? Za chilango chobwezera ndi muyeso wake

Wakuba mbuzi akagwidwa ku Lizulu kapena ku Chimbiya, mawu amene amamveka m'khamu ndi omwewo nthawi zonse: ameneyu akaone chomwe chidameta nkhanga mpala. Pa nthawi imeneyo palibe amene amafunsa ngati ndende idzamusinthe khalidwe, kapena ngati kumulanga kudzachepetse umbava chaka chamawa. Chomwe anthu akunena n'chakuti walakwa, ndiye amve kuwawa. Kumeneko ndiye kulanga kobwezera: munthu amalangidwa chifukwa cha zomwe wachita kale, osati chifukwa cha phindu limene chilangocho chidzabweretse m'tsogolo.

Olemba ambiri a za ufulu wachibadwidwe amafulumira kunyoza maganizo amenewa. Ine sindigwirizana nawo. Kubwezera kuli ndi mfundo imene zifukwa zina zolangira zilibe. Tamvani zomwe woimira boma pa milandu amakonda kupempha m'khoti la majisitireti: milandu yotere yachuluka m'dera lino, khoti lipereke chilango chokhwima kuti ena atengerepo phunziro. Mawuwa amakoma m'khutu, koma akupempha kuti munthu uyu asenze zaka zoonjezera chifukwa cha mbuzi zimene anthu ena adaba, komanso zimene ena sanabe n'komwe. Cholinga chikakhala kuopseza ena basi, palibe chotiletsa kupereka zaka 14 kwa wakuba kambuzi kamodzi. Palibenso chotiletsa kulanga wosalakwa, bola mudzi ukhulupirire kuti ndi yemweyo. Wobwezera weniweni sangalole zimenezo. Iye amafuna kuti alangidwe wolakwa yekha, pa cholakwa chake chokha, ndi chilango cholingana ndi kukula kwa cholakwacho. Ngakhale lamulo la pa Eksodo 21 lija, diso kulipa diso, dzino kulipa dzino, limene anthu amalikumbukira akapsa mtima, ntchito yake idali yoika malire: wakugulula dzino sumudula mutu. Ndime zotsatira zimati mbuye akagulula dzino la kapolo wake, kapoloyo amasulidwe. Dzino la mbuyeyo silikhudzidwa, amangolipa.

Choncho sinditsutsa zoti wolakwa alangidwe. Alangidwe ndithu. Chimene ndikufunsa n'chakuti, kodi muyeso umene khoti limalengeza ndi womwewo umene wolakwa amalandira, ndipo mwini mbuzi amapezapo chiyani? Titsate mlandu wa mbuzi ziwiri kuchokera pa khola.

Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu, imaika zaka 5 ngati chilango chachikulu pa kuba wamba, pa gawo 278. Koma chobedwacho chikakhala ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba, gawo 281 limakweza malirewo kufika zaka 14. Kuthyola nyumba yogonamo anthu ndiye n'koopsa kwambiri pa pepala, poti gawo 309 limatchula imfa kapena moyo wonse kundende, ngakhale kuti makhoti amayambira pa zaka pafupifupi 6 poyeza mlandu wotere. Anthu akamva manambala awa pa wailesi amaganiza kuti ndiye chilango chimene wakuba aliyense adzalandire. Ayi. Chilango chapamwamba amachisungira mlandu woipitsitsa wa mtundu umenewo, monga gulu lokonzekera bwino limene lakusa ng'ombe za mudzi wonse usiku n'kuziolotsera ku Mozambique.

Munthu akamangidwa, gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalamula kuti afike kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotuluka pa belo pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chomusungira. Akakanizidwa belo, sayenera kudikira mlandu wake pa rimandi kupitirira masiku 30 ngati ndi mlandu wa kwa majisitireti, kapena masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwiririra, ngakhale khoti likhoza kuonjezerapo pang'ono. Akavomera mlandu kapena akapezeka wolakwa, woweruza amasankha poyambira, kenaka n'kumakweza kapena kutsitsa. Zokweza ndi monga kuchita zinthu m'gulu, kukonzekera, kuba usiku, kunyamula chikwanje, kuba kwa nkhalamba yosatha kudziteteza, kukhala ndi mbiri ya milandu, ndi katundu kusapezeka. Zotsitsa ndi kupalamula koyamba, kuvomera msanga, katundu kubwezedwa, ndi msinkhu, makamaka achinyamata a zaka 18 mpaka 25 ndi okalamba opitirira zaka 60. Gawo 340 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu (Criminal Procedure and Evidence Code) limanenanso kuti wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe njira ina yoyenera.

Tiyerekeze kuti woweruza wayambira pa miyezi 36. Kuvomera mlandu kukhoza kuchotsa mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, yatsala miyezi 24. Kawirikawiri miyeziyo amaiwerenga kuyambira tsiku lomangidwa. Kundende, mkaidi wosunga mwambo amachotseredwanso gawo limodzi mwa atatu, yatsala 16. Mwini mbuzi amene adamva za zaka 14 akumuona wakuba uja pa msika patangotha chaka ndi miyezi inayi, ndipo mumtima mwake nkhani yatha kale: penapake padadutsa ndalama. Nthawi zina zimadutsadi, koma pa chitsanzo ichi ndi masamu a lamulo chabe, ndipo palibe amene adakhala naye pansi kumufotokozera.

Mpaka apa muyeso ukuoneka wa nzeru. Mavuto amayambira pa kavomeredwe. Ambiri oimbidwa milandu kwa majisitireti alibe loya, chifukwa maloya a Legal Aid Bureau ndi ochepa ndipo amatanganidwa ndi milandu ya kupha. Mlandu umayenda m'Chingerezi kudzera mwa womasulira. Munthu amene wagona m'chitokosi masabata angapo akhoza kuvomera kuti zingotha, osadziwa kuti kusunga mbuzi imene mnzake adamusungitsa ndi kuba mbuzi ndi milandu iwiri yosiyana. Woweruza wosamala amafunsa mbali iliyonse ya mlandu payokha asanalembe kuti wavomera. Wotopa, amene ali ndi mafailo ambirimbiri tsiku limenelo, amangofunsa kamodzi. Ikafika nthawi yopempha chifundo, pafupifupi aliyense amanena zofanana: ndili ndi ana, ndimasamala agogo. Makhoti sazipatsa mphamvu kwenikweni zimenezi, poti amati ukadaganizira anawo usanabe. Zimene zikadamuthandiza, monga kunena kuti mbuzi imodzi idapezeka yamoyo, kuti adalondolera yekha apolisi komwe idali, kuti abale ake ndi okonzeka kulipa inayo, sazitchula chifukwa palibe wamuuza kuti n'zofunika. Zilango zazitali zimayenera kukaunikidwanso ku High Court ngakhale popanda apilo, koma mafailo amachedwa, ndipo chilango chikatsitsidwa mwini wake ataseweza kale, miyezi yapitayo sibwerera.

Chindapusa nacho chili ndi vuto lake. Awiri apalamula mlandu umodzi, alamulidwa ndalama zofanana kapena miyezi ingapo kundende akalephera. Mwini golosale amalipa asanatuluke pa geti. Waganyu amakwera galimoto ya kundende. Pa pepala alangidwa mofanana.

Koma pamene muyeso umathera ndi mkati mwa ndende. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amadziwa kuti kugwirizana mtengo wa ndowa kulibe ntchito ngati wogula wabwera ndi ndowa yake yoikulitsa pamoto. Mwezi wa kundende ndi ndowa yotero. Woweruza akamati miyezi 24, chimene lamulo lamulola kulanda ndi ufulu woyenda ndi kudzisankhira zochita. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa, lidathetsanso chikoti ngati chilango cha khoti, ndipo gawo 42 limalonjeza mkaidi chakudya chokwanira ndi mankhwala. Chimene mkaidi amakapeza ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo kamodzi pa tsiku, chipinda chimene ena amagona chokhala, atapanikizana m'mizere imene akaidi amaitcha shamba, mphere, ndi mpweya woti wa chifuwa chachikulu mmodzi apatsire ambiri. Malo abwino ogona ali m'manja mwa nyapala, mkaidi woyang'anira akaidi anzake, ndipo amene abale ake amabwera ndi kanthu ndiye amapezako bwino. M'chaka cha 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, High Court idagamula kuti kuthithikana kotere ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo, ndipo idapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zadutsa, ndende za dziko lino zikusungabe anthu pafupifupi kuwirikiza kawiri malo amene zili nawo.

Apa m'pamene ndimadabwa ndi anthu amene amati amakhulupirira kubwezera koma n'kumati kundende si ku hotela. Ngati chilango chiyenera kulingana ndi mlandu, TB ija yalingana ndi chiyani? Palibe woweruza amene adailemba m'chigamulo. Imagwera wakuba mbuzi ndi wopha munthu mosasankha, imagweranso wa pa rimandi amene sanapezeke wolakwa. Kunyumba nako chilango chimafika kwa anthu amene sadaimbidwe mlandu: bambo akamangidwa mu Novembala, munda sulimidwa, ngongole ya feteleza siyembekeza, ndipo mwana wamkulu amasiya sukulu. Zina mwa izi sizingapeweke pa chilango chilichonse. Koma amene akufunadi muyeso wolungama ndiye ayenera kukhala woyamba kudandaula za shamba, osati kusiyira mabungwe.

Tsono mwini mbuzi. Wapita kupolisi, wapita kukhoti mwina katatu pa kabaza wolipira yekha, mlandu ukungoimitsidwa chifukwa mboni ina sinabwere. Pamapeto wakuba wapita kundende, khola lili lopanda kanthu. Mlandu wa upandu ndi wa boma, iye ndi mboni chabe. Pabwalo la mfumu zinthu zimayenda mosiyana: wolakwa amavomera pamaso pa anthu, abale ake amasonkha, mbuzi zimabwezedwa ndi ina pamwamba ya chipepeso. Kumenekonso ndi kubwezera, pakuti wolakwa wamva kuwawa ndi manyazi molingana ndi chimene adachita, koma kuwawako kwapindulira wolakwiridwa. Makolo ankati mlandu suwola, ndipo ngongole yotere inkatsatira banja mpaka italipidwa.

Sindikuti milandu yonse ibwerere kwa mafumu. Mafumu alibe mphamvu yoweruza milandu ya upandu, ndipo bwalo la m'mudzi limakonderanso: wachibale wa mfumu, mkamwini wobwera, mayi wamasiye, sayima mofanana. Pali milandu imene kulipa mbuzi kumakhala chipongwe. Mwana akagwiriridwa, gawo 138 la Penal Code limafika mpaka moyo wonse kundende, ndipo mabanja akamakambirana m'seri kuti zithere pa chipepeso amakhala akugulitsa mwanayo kachiwiri. Pa mlandu wotere mtima wobwezera ndi umene ukunena zoona: cholakwacho ndi chachikulu, ndipo dziko liyenera kusonyeza kukula kwake ndi chilango, kaya wolakwayo walapa kaya sanalape. N'chifukwa chake gawo 161 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limalola khoti kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono yokha, monga kumenyana kosavulazana kwambiri.

Anthu a ku Ntcheu ali ndi chikumbutso cha zomwe zimachitika chilango chikatsogola, umboni n'kutsalira. Kuyambira cha m'ma 1970, boma la Kamuzu Banda lidapatsa makhoti otchedwa a chikhalidwe mphamvu yoweruza milandu ya kupha ndi kuukira boma, ndipo maloya sankaloledwa kulowamo. Albert Muwalo Nqumayo, wa ku Ntcheu, amene adali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, adaweruzidwa m'khoti lotere pamodzi ndi Focus Gwede, mkulu wa nthambi ya polisi ya Special Branch, ndipo adanyongedwa mu 1977. Muwalo adali munthu woopedwa, dzina lake linkamveka pa nkhani za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndipo alipo amene adaona imfa yake ngati malipiro. Koma sadaweruzidwe pa zimenezo, ndipo khoti limene lidamupha ndi la mtundu womwewo umene mu 1983 udagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe. Kukhutira kuti munthu walandira zomuyenera si umboni wakuti mlandu wayenda bwino.

Khamu la pa msika ndi khoti lotero lopanda ngakhale failo. Mu Malichi 2016 anthu adathyola polisi ku Dedza, n'kutulutsa munthu woganiziridwa kuti adapha mnzake ndi kumupha. Mwezi womwewo anthu 7 adatenthedwa ku Nsanje, ndipo mu Januwale nkhalamba 4 zidaphedwa ku Neno pozinamizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Ochita zimenezi amati akubwezera, koma zonse zimene zimapangitsa kubwezera kukhala chilungamo palibe: sanatsimikize kuti ndi yemweyo, wakuba foni ndi wakupha alandira tayala lomwelo, ndipo woweruza ndi yemwe wapsa mtima. Chimene chimakolezera kwambiri ndi belo. Woganiziridwa akaoneka m'mudzi patapita masiku awiri, anthu amati apolisi amutulutsa, osadziwa kuti mlandu ukadalipo ndipo ali ndi tsiku lokaonekera. Mboni zikagwa ulesi n'kusapita kukhoti, mlandu umathetsedwa, ndipo chikhulupiriro chija chakuti kupolisi n'kotaya nthawi chimalimba. Achitetezo a m'mudzi akadamauza odandaula tsiku la mlandu ndi tanthauzo la belo, mkwiyo wina ukadazirala. Dziwaninso kuti pa lamulo, amene adabweretsa petulo ndi amene adagwira miyendo akhoza kuyankha mlandu wa kupha mofanana ndi amene adayatsa machesi.

Nkhani ya chilango cha imfa ikuonetsa kuti makhoti athu adafika pomvetsa kufunika kwa muyeso. Kale aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wa kupha ankalandira imfa basi, woweruza analibe chosankha. Wopha mwadala pofuna chuma ndi woledzera amene adabaya mnzake pa ndewu ya pamowa ankalandira chimodzimodzi. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake asanu, High Court idati kukakamiza chilango chimodzi pa onse n'kosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Kuyambira 2015 akaidi amene adagamulidwa mwa njira yakaleyo adayamba kumvedwanso mmodzimmodzi. Othandiza pa za malamulo adayenda m'midzi kufunsa abale ndi mafumu, ndipo kudapezeka kuti ena adali odwala misala, ena adali ana pa nthawi ya mlandu. Oposa 100 adatuluka. Chilango cha imfa chikadali m'malamulo: chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa Khoviwa mu Epulo 2021 chidamveka ngati chachithetsa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho Supreme Court idafotokoza kuti amenewo adali maganizo a woweruza mmodzi. Komabe palibe amene wanyongedwa m'dziko muno chichokere 1992. Kwa ine vuto la imfa, ngakhale kwa wokhulupirira kubwezera, ndi lakuti imafuna kutsimikiza kotheratu kuchokera ku kafukufuku amene nthawi zambiri amadalira kuvomera kwa kupolisi ndi mboni za usiku.

Tibwerere ku milandu ing'onoing'ono, imene ndi yochuluka. Lamulo lili kale ndi zida zimene sizigwiritsidwa ntchito mokwanira. Chilango chikakhala cha miyezi 12 kapena kucheperapo, khoti likhoza kulamula ntchito yothandiza dera m'malo mwa ndende, maola 40 pa mwezi uliwonse, kutanthauza maola 480 pa chaka: kutchetcha pa chipatala, kukumba dzenje la zinyalala pa sukulu, kuumba njerwa. Ena amati kumeneko n'kupulumuka. Koma kugwira ntchito yosalipidwa masabata ambiri, anthu a m'mudzi mwako akukuona ndipo akudziwa chifukwa chake, ndi chilango chenicheni, ndipo munthuyo amagona kwawo n'kulima munda wake. Chimene chimaononga ndi kalondolondo. Mphunzitsi wamkulu kapena woyang'anira chipatala amapatsidwa udindo wolemba maola pamwamba pa ntchito yake, ena amangosaina, ndipo wolakwa akasiya kubwera lipoti limachedwa kufika kukhoti. Woweruza amene zamuchitikira kangapo amabwerera ku ndende.

Chida china ndi chipukuta misozi. Penal Code imalola khoti kulamula wolakwa kulipa amene wamulakwira, pamwamba pa chilango china kapena m'malo mwake, ndipo gawo 339 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limalola kuimika chilango cha kundende mpaka zaka 3 pa mfundo zimene khoti laika, kuphatikizapo kulipa zoonongeka. Khoti silingalamule chimene silinamve. Mwini ziweto auze woimira boma pa milandu chigamulo chisanaperekedwe kuti akufuna kubwezeredwa, atchule chiwerengero, msinkhu wa ziwetozo, ngati ina idali ndi bere, ndi mtengo wake pa msika wapafupi, ndipo ngati pali kalata ya mfumu kapena ya alangizi a ziweto yotsimikiza umwini, apite nayo. Zopezeka zamoyo apemphe kuti zijambulidwe ndi kubwezedwa msanga, poti mbuzi yosungidwa kupolisi ngati umboni imaonda, ina imafa. Aganizirenso chimene akufuna kwenikweni, chifukwa ndende ndi kulipa sizimayendera limodzi kawirikawiri: munthu amene ali ku ndende ya Dedza kapena ya Ntcheu alibe popezera ndalama, ndipo abale ake akaona kuti wamangidwa kale, chidwi chosonkha chimatha. Amene waimikiridwa chilango pa mfundo yoti alipe pofika tsiku lakuti amadziwa kuti akalephera miyezi ija ikumudikira, ndipo tsikulo ndi bwino kulipempha kuti ligwe pambuyo pa kukolola, pamene m'nyumba mumapezeka kanthu kogulitsa.